Madzi Oyenera Kamba wa M'madzi Woweta Pakhomo

Mvula yoyamba itagwa mu Disembala 2022, ndili kwathu pa tchuthi, ndinatola akamba awiri akudutsa msewu wopita kudambo. Anali aang'ono, aliyense wokwana m'dzanja langa. Nditangomunyamula woyambayo ananditayira timadzi tonunkha koopsa, ndipo agogo anga ataona ndikusamba m'manja ndi phulusa anangoseka nati, "Iwe mwana, sunamve kuti kamba amanyera yemwe wam'tola?" Sindinamvere. Ndinawaika m'bafa la pulasitiki kuseri kwa khitchini, ndinathiramo madzi, ndipo sukulu zitatsegulidwa ndinawasiya m'manja mwa mng'ono wanga amene pa nthawiyo anali mu Sitandade 6.

Pobwerera pa tchuthi cha Pasaka mu 2023 ndinapeza mmodzi atafa. Wotsalayo anali ndi maso otupa, otsekeka ngati mwana walumidwa ndi njuchi, ndipo pansi pa chigoba chake panali timawanga toyera tofewa. Ndinakalipira mng'ono wanga kuti sanali kuwadyetsa. Iye analira ndi kundisonyeza chitini cha ziwala ndi nyongolotsi zimene ankawapatsa tsiku lililonse. Ankanena zoona. Chakudya chinalipo chambiri, mwina chochuluka kuposa muyeso. Chimene chinapha kamba uja ndi madzi, ndipo amene sanaphunzitse mwanayo za madziwo ndine.

Ndalemba phunziroli chifukwa ndikudziwa kuti pakati pathu alipo anzanga ena amene ali ndi akamba kumudzi kwao, ndiponso makolo amene amasiyiridwa ziweto zachilendozi ife tikabwerera kusukulu. Zambiri mwa zimene ndinene pano tinaziphunzira kale mu Biology ndi mu Chemistry, koma tinaziphunzirira mayeso, osazindikira kuti zimachitika ngakhale m'bafa kuseri kwa khitchini.

Tidziwe kaye kamba amene tikunena

Kamba wa kumtunda, uja wa chigoba chokwera ngati chulu amene amadya udzu ndi bowa, si amene ndikunena pano. Ameneyo mukamuponya m'madzi akuya akhoza kumira. Kamba wa m'madzi ali ndi chigoba chophwatalala, ndipo pakati pa zala zake pali kachikopa kopalasira madzi. Amene timatola kawirikawiri m'madambo ndi m'zithaphwi nthawi ya dzinja dzina lake la sayansi ndi Pelomedusa subrufa. Ife ophunzira Chilatini sitingavutike ndi mawu achiwiriwo, pakuti subrufa ndiye kuti wofiirirako pang'ono. Pamene pelos ndi mawu a Chigiriki otanthauza matope. Mumuzindikira ndi mmene amabisira mutu. Saukokera m'kati molunjika monga amachitira wa kumtunda, koma amapinda khosi cham'mbali n'kulilowetsa m'mphepete mwa chigoba. Akakula chigoba chake chimafika pafupifupi masentimita 20. Chithaphwi chikauma m'chilimwe amadzikwirira m'matope kapena m'dothi mpaka mvula itabwera, n'chifukwa chake timamuona akuyendayenda mvula yoyamba ikagwa.

Palinso a mtundu wa Pelusios amene kutsogolo kwa chigoba chawo cha pansi kumatsekeka ngati chitseko, ndipo ena mwa iwowa amakula kupitirira masentimita 40. Kunyanja ndi mu mtsinje wa Shire kuli nkhasi, wamkulu, wa chigoba chofewa. Ameneyo musayerekeze n'komwe kumuweta. Palibe dziwe la pakhomo limene lingamukwanire.

Ndinene mawu amodzi ndisanapitirire. Nyama zakutchire m'dziko muno zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakonzedwanso mu 2017, ndipo wofuna kusunga nyama yakutchire pakhomo ayambe wafunsa ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ine ndinatola osafunsa munthu, ndipo sindikunyadira zimenezo. Kamba amene mwamupeza akudutsa msewu sanasochere ayi, akudziwa kumene akupita. Muolotseni, mumusiye. Koma kwa amene muli naye kale m'manja, tiyeni tione za madzi.

Bafa si dambo

Cholakwa changa choyamba chinali kuganiza motere: kamba amakhala m'matope, choncho madzi akuda sangamuvute. Maganizo amenewa ndi amene amapha akamba ambiri. Madzi a m'dambo ndi ofiira ndi dothi, inde, koma ndi ochuluka, muli udzu ndi bango zimene zimayamwa zonyansa, pansi pake pali matope odzaza ndi tizilombo tothandiza, ndipo mvula imawasintha nthawi ndi nthawi. Bafa langa linali la malita 40 ndipo ndinkathiramo theka lokha. M'malita 20 amenewo akamba awiri ankadyeramo, kumweramo, kuchitiramo chimbudzi ndi kugonamo.

Ndipo kamba ndi nyama yauve podya. Sangathe kumeza bwino chakudya ali pamtunda, amachikokera m'madzi, kenaka n'kuching'amba ndi zikhadabo zakutsogolo. Tizidutswa timamwazika paliponse n'kukaola pansi. Pa chifukwa chimenechi oweta akamba ali ndi muyeso umene amatsata: malita pafupifupi 15 pa sentimita iliyonse ya kutalika kwa chigoba. Kamba wa masentimita 10 afunika malita 150. Akafika masentimita 15 afunika malita 225, ndiye kuti kupitirira diramu yathunthu ya malita 200. Werengani nokha mmene anga awiri aja ankapanikizikira.

Kuya kwa madzi nakonso n'kofunika. Kamba amapuma mpweya ndi mapapo monga ife. Akagudubuzika chagada m'madzi osaya kwambiri amalephera kudzitembenuza, ndipo akhoza kumira m'madzi ofika m'kakolo. Madzi akhale akuya kosachepera kamodzi ndi theka kutalika kwa chigoba chake. Komabe Pelomedusa amakonda kuyenda pansi kusiyana ndi kusambira mtunda wautali, motero mbali ina ya dziwe ikhale yosaya, pamene angaime n'kutulutsa mphuno kunja osavutika. Miyala yonse ya m'madzi ikhale yokhazikika, yopanda mipata imene angalowemo n'kukanirira.

Poizoni wosaoneka

Tsopano tifike pa chimake cha phunziro lathu. Tikumbuke kayendedwe ka naitirojeni kamene tinajambula m'makope athu. Zotsalira za nyama ndi chimbudzi cha kamba zikamaola zimatulutsa amoniya. Amoniya alibe mtundu, choncho madzi akhoza kuoneka oyera mbee koma ali ndi ululu. Popeza kamba sapumira m'madzi ngati nsomba, safa msanga monga ingachitire nsomba, ndipo apa ndi pamene timanyengekera. Amaoneka ngati ali bwino kwa milungu ingapo, pamene amoniya akumuwawula maso, khungu ndi kukhosi, ndipo mabakiteriya oyambitsa matenda akuchulukana m'madzi omwewo amene akumwa.

Mwamwayi alipo mabakiteriya ena amene chakudya chawo ndi amoniya yemweyo. Gulu loyamba, monga Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amene nayenso ndi poizoni pakuti amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Gulu lachiwiri, monga Nitrobacter ndi Nitrospira, limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti. Ameneyu ululu wake ndi wochepa kwambiri, ndipo zomera zimamuyamwa ngati feteleza. Mabakiteriya abwinowa sakhala oyandama m'madzi kwenikweni. Amamatirira pa miyala, pa mchenga, pa makoma a dziwe ndi m'sefa, ndipo amafuna okosijeni. Kuti achulukane mokwanira m'dziwe latsopano pamatenga milungu 4 mpaka 6.

Apa ndi pamene mng'ono wanga, pofuna kuchita zabwino, ankalakwitsa osadziwa. Madzi akayamba kununkha ankawataya onse, n'kukwecha bafa ndi sopo ndi mchenga mpaka kuwala. Potero ankapha mabakiteriya onse othandiza aja, ndipo ntchito inkayambiranso pachiyambi Loweruka lililonse. Patangopita masiku awiri amoniya anali atadzazanso. Kuwonjezera apo, sopo wotsalira m'bafa ankalowa m'maso mwa akambawo.

Amene angapeze timabotolo kapena timapepala toyezera madzi, timene amagulitsa m'masitolo a nsomba zoweta m'mizinda, adziwe manambala awa: amoniya akhale 0, naitiraiti akhale 0, naitireti asapitirire mamiligalamu 40 pa lita. Ambiri a ife kumudzi tilibe zoyezerazi, ndipo tiyenera kudalira mphuno ndi maso. Madzi abwino amamveka kafungo ka dothi lonyowa. Akayamba kununkha ngati mkodzo kapena mazira oola, akachita mbuu ngati mwathiramo ufa, kapena pamwamba pakakhala thovu losaphwa, musadikire tsiku losinthira madzi. Koma madzi obiriwira ndi ndere asakuopseni. Ndere zimadya naitireti ndipo kamba sizimuvuta. Zoopsa ndi zija zoyandama pamwamba ngati penti wobiriwira mopita ku buluu ndi kununkha. Zimenezo zimatha kutulutsa poizoni woopsa ngakhale kwa galu kapena mbuzi imene ingamwepo.

Za pH

Tikudziwa kuti pH 7 ndi pakati, kutsika apo ndi asidi, kukwera ndi alikali. Kamba wathu amakhala bwino pakati pa 6 ndi 8, ndipo sikofunika kuvutika ndi kusintha madzi amene ali kale m'malire amenewa. Koma pali chinthu chimodzi chimene chinandidabwitsa nditachimvetsa. Amoniya m'madzi amakhala m'maonekedwe awiri, NH4+ amene ululu wake ndi wochepa ndi NH3 amene ndi woopsa. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, gawo loopsalo silifika ngakhale 1 pa 100. pH ikakwera kufika 8, gawolo limapitirira 5 pa 100, ndiye kuti pafupifupi kakhumi. Madzi akatentha limakweranso. Choncho uve womwewo umene kamba anapirira mu Juni ukhoza kumudwalitsa mu Okutobala.

Nkhani ya pH imakhudza kwambiri amene akumanga dziwe la simenti. Simenti yatsopano imatulutsa laimu m'madzi ndipo pH imakwera kupitirira 10. Madzi otere amawotcha khungu. Titamanga lathu ndi bambo anga mu Ogasiti 2023, la mita imodzi ndi theka m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 40 kuya, tinalidzaza ndi kulikhuthula kangapo kwa mwezi wathunthu kamba asanalowemo. Bambo ankadandaula kuti tikutha madzi a pamjigo chifukwa cha nyama yosadyedwa, koma madziwo tinkathirira mpiru ndi tomato, nkhani n'kutha. Tisanamulowetse ndinayeza ndi kapepala koyezera pH kamene ndinapempha kwa Abambo otiphunzitsa Chemistry, ndipo kanasonyeza 8.

Madzi tiwatenge kuti?

Pobwerera kwanga pa Pasaka paja ndinapeza chinthu china. Mu 2022 ndi 2023 dziko lathu linavutika kwambiri ndi kolera, ndipo alangizi a zaumoyo ankagawa klorini m'midzi kuti tizithira m'madzi akumwa. Amayi anga ankathira m'ndowa zonse mosaphonya, ndipo anachita bwino zedi, pakuti m'nyumba mwathu simunalowe matendawa. Tsono mng'ono wanga ankatunga m'ndowa zomwezo n'kuthira m'bafa nthawi yomweyo. Klorini ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, ndipo sasankha abwino ndi oipa. Amatsukutsanso maso a kamba.

Pasakhale wina wopita kwao kukanena kuti m'magazini ya kusukulu alemba kuti klorini ndi woipa. Madzi akumwa anthu tipitirize kuthira klorini kapena WaterGuard monga atilangizira. Za kamba zokha ndi zimene zikusiyana: madzi a pampopi kapena othiridwa klorini aikidwe m'ndowa yosavindikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka padzuwa, ndipo klorini amauluka yekha. M'mizinda ina ya kunja amagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa chloramine, osakaniza klorini ndi amoniya, amene sauluka msanga motero. Kumeneko oweta amathira madontho ochotsera klorini, amene ambiri mwa iwo amapangidwa ndi sodium thiosulphate.

Madzi a pamjigo ndi amene ndimagwiritsa ntchito ine. Alibe klorini, ndipo ambiri ali ndi kashiamu amene sapweteka kamba. Koma anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje akudziwa kuti mijigo ina kumeneko imatulutsa madzi a mchere. Madzi amene inu simungamwe chifukwa cha mchere musamuikemo kamba wa m'dambo. Madzi a mvula ochokera padenga la malata ndi abwino, bola mutaye oyambirira amene amatsuka fumbi, mwaye ndi zitosi za mbalame.

Madzi a mumtsinje kapena a m'dambo angaoneke ngati ndiwo oyenera koposa, poti ndiko kwawo kwa kamba. Chenjerani nawo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'dzinja amatenga feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo kuchokera m'minda ndi m'madimba, ndipo feteleza wa urea amasanduka amoniya yemwe uja. Chachiwiri ndi likodzo. Tizilombo ta likodzo timaswana mu nkhono za m'madzi za mtundu wa Bulinus ndi Biomphalaria, ndipo timalowa pakhungu la munthu. Mukabweretsa nkhono za m'dambo kuti kamba azidya, mwina mwabweretsa likodzo pakhomo, pamene ana amaviika manja tsiku lililonse. Ngati palibe madzi ena, asefeni ndi nsalu kuti musalowe nkhono, ndipo muwasunge masiku awiri athunthu. Tizilombo timene tatuluka kale mu nkhono sitikhala ndi moyo kupitirira apo tikapanda kupeza munthu.

Chotungira nachonso chiyang'aniridwe. Chigubu chimene munali mafuta a galimoto, palafini kapena mankhwala opopera thonje ndi fodya chisayandikire dziwe ngakhale chitatsukidwa kakhumi. Beseni lochapiramo zovala nalonso ayi. Dziwe likhale ndi ndowa yakeyake, ndipo ilembedwe ndi penti kuti aliyense pakhomo aidziwe.

Kutentha ndi kuzizira

Kamba sapanga kutentha kwa m'thupi mwake monga timachitira ife. Thupi lake limatsatira madzi ndi dzuwa. Amadya bwino ndi kugaya bwino chakudya madzi akakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28. Akatsika pansi pa 20 amayamba ulesi ndipo amachepetsa kudya. Anzathu a kumalo okwera monga Dedza ndi Mzimba, ndi a ku Thyolo ndi Mulanje kumene kumawomba chiperoni, asadabwe kamba akakana chakudya mu Juni ndi Julayi. Musamukakamize, ndipo musasiye chakudyacho m'madzi kuti mwina adya mawa. Chimangoola. Nthawi imeneyi ndimavindikira theka la dziwe ndi pepala la pulasitiki usiku n'kuchotsa m'mawa.

Choopsa kwambiri kwa ife ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala. Madzi ochepa amatentha msanga. Bafa losiyidwa pamtetete masana likhoza kupitirira madigiri 35, ndipo kamba alibe kothawira. Dziwe lalikulu, lokumbidwa pansi, lokhala theka pamthunzi theka padzuwa, silitentha kapena kuzizira mwadzidzidzi. Posintha madzi, atsopanowo akhale ofanana kutentha ndi akalewo. Kuika dzanja m'ndowa ndi m'dziwe n'kokwanira kudziwa. Kamba wozizidwa mwadzidzidzi amagwidwa ndi chibayo. Mudzaona mamina kapena timathovu pamphuno, akuyasamula pafupipafupi, ndipo posambira amapendekeka mbali imodzi. Zikafika apo pafunika alangizi a ziweto.

Mungadabwe kuti m'phunziro la madzi ndikunenamo za pouma, koma ziwirizi sizisiyana. Kamba afunika mwala kapena chipika chimene angakwerepo mosavuta n'kuuma thupi lonse, pansi pomwe pa chigoba. Kuuma kumeneku ndi kumene kumapha nkhungu ndi mabakiteriya oyambitsa kuola kwa chigoba, kuja kunayamba pa kamba wanga. Dzuwa limamuthandizanso kupanga vitamini D3, imene popanda iyo thupi silingagwiritse ntchito kashiamu ndipo chigoba chimafewa ndi kupindika. Kuwala kwa dzuwa kumene kumachita ntchito imeneyi, kotchedwa UVB, sikudutsa pagalasi. Kamba woikidwa pawindo m'chipinda chochezera akhoza kumva kutentha koma vitaminiyo osapanga. Anzathu a ku Ulaya amagula mababu apadera okwera mtengo pa chifukwa chimenechi, pamene ife dzuwa tili nalo laulere.

Kasamalidwe ka mlungu ndi mlungu

Dziwe lathu limalowa malita 600. Loweruka lililonse timachotsamo gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuti malita 150, ndowa 7 kapena 8 za malita 20. Sititunga pamwamba. Timagwiritsa ntchito paipi kukoka madzi a pansi pamene pamadikha zonyansa, ndipo paipiyo timayamba taidzaza ndi madzi n'kutseka ndi chala. Kuyamwa ndi pakamwa n'koletsedwa, chifukwa chake ndinena posachedwa. Makoma sitikwecha onse, ndipo sopo safika pamenepo. Amene ali ndi magetsi ndi kapampu akhoza kupanga sefa ndi ndowa yodzaza miyala ing'onoing'ono ndi siponji, madzi n'kumadutsamo kubwerera m'dziwe. Siponjiyo itsukidwe m'madzi ochotsedwa m'dziwe momwemo, osati pampopi, kuti mabakiteriya abwino asafe. Opanda sefa ndipo chosungiramo chawo n'chaching'ono asinthe theka la madzi kawiri pa mlungu.

Chimene chinandipeputsira ntchito koposa zonse ndi kudyetsera kamba m'beseni lapadera. Timatunga madzi pang'ono a m'dziwe, kumuikamo, kumupatsa ziwala, ngumbi, nyongolotsi kapena kansomba kakang'ono kosathira mchere, n'kumusiya kwa mphindi 20 kapena 30. Kawirikawiri amachitiramonso chimbudzi momwemo. Kenaka timamubwezera m'dziwe, madzi a m'beseni n'kukathira pa nthochi. Wamng'ono adye tsiku lililonse, wamkulu katatu pa mlungu, ndipo chakudya cha nthawi imodzi chisapose kukula kwa mutu wake.

Zomera za m'madzi zimathandiza kuyamwa naitireti, koma namasupuni ndikukupemphani kuti mumusiye. Chomera chimenechi kwawo ndi ku South America, ndipo tonse tikudziwa mmene chavutitsira mu Shire, pa Liwonde ndi pa malo opangira magetsi a Nkula. Kachidutswa kamodzi kotayidwa m'ngalande kakhoza kudzaza dambo la mudzi wonse. Za udzudzu, kamba wamng'ono amadya mphutsi zake, koma wamkulu sazilabadira kwenikweni. Yang'anani m'mphepete mwa dziwe kawiri pa mlungu, ndipo ndowa zodikhitsira madzi zija zisakhale masiku opitirira awiri kapena atatu. Zikakhalitsa, vindikirani ndi kachidutswa ka neti.

Madzi a kamba ndi thanzi la pakhomo

Gawo ili ndikulembera makamaka makolo. Akamba ambiri, ngakhale ooneka athanzi, amasunga m'matumbo mwawo mabakiteriya otchedwa Salmonella amene iwo sawadwalitsa. Mabakiteriyawa amatuluka ndi chimbudzi, n'kukhala m'madzi, pachigoba, pa ndowa ndi pa chilichonse chimene chakhudza madziwo. Kwa munthu amayambitsa kutsekula m'mimba, kutentha thupi ndi kupotokola, kuyambira patapita maola 6 mpaka masiku 6. Wamkulu wathanzi amachira pakatha masiku 4 mpaka 7, koma kwa mwana wosakwana zaka 5, kwa okalamba ndi kwa amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa, matendawa akhoza kulowa m'magazi ndi kupha. Ku United States vutoli linakula kwambiri pakati pa ana mpaka mu 1975 boma linaletsa kugulitsa akamba a chigoba chosakwana mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10, poona kuti tiakamba tating'ono ndi timene ana amaseweretsa ndi kuika kukamwa.

Ine ndinazimva izi mochedwa. Mlongo wanga wamng'ono, amene panthawiyo anali ndi zaka 3, ankakonda kukhala pambali pa bafa lija kuseri kwa khitchini n'kumamenya madzi ndi manja. Mu Febuluwale 2023 anatsekula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo poti inali nthawi ya kolera nyumba yonse inagwidwa ndi mantha. Anagonekedwa kuchipatala masiku atatu, ndipo anapeza kuti sinali kolera. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mwa mafunso amene adokotala anafunsa panali lakuti, "Mayi, kodi mwanayu amasewera ndi ziweto zanji pakhomo?" Iwo anatchula nkhuku ndi mbuzi. Za akamba sanaziganize n'komwe, pakuti ndani amawerengera kamba pa ziweto? Atandifotokozera zimenezi pa Pasaka ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa bafa lija ndinaliika ndine, mapazi asanu kuchokera pa thandala la mbale.

Dziwe latsopano tinalimanga kumapeto kwa dimba, kutali ndi khitchini ndi chitsime, ndipo lili ndi mpanda wa waya umene umaletsa ana ndi agalu kulowa, ndi kamba kutuluka, pakuti amakwera bwino kuposa mmene mungaganizire. Mwana wamng'ono akhozanso kumira m'madzi a masentimita 40 amenewo, choncho chitseko chimakhala chomanga. Madzi ochotsedwa m'dziwe sitithirira ndiwo zodya zosaphika monga letesi, kapena tomato amene wayandikira kupsa; timathira pa nthochi, pa chimanga ndi pa mitengo. Pamtengo wa pachipata tinapachika kachigubu ka madzi ndi sopo, ndipo aliyense wotuluka mumpandamo amasamba m'manja asanagwire kanthu kena.

Kamba wotsala uja tinamuchiza pomuika pouma, pamthunzi wofunda, kwa maola angapo tsiku lililonse, n'kumamubwezera m'madzi oyera kuti adye ndi kumwa, ndipo pa timawanga tija tinkapakapo mankhwala a ayodini osungunula monga anatilangizira alangizi a ziweto. Maso anatseguka patapita milungu iwiri. Chigoba chinatenga miyezi, ndipo zipsera zake zikuonekabe. Tsiku lobwerera kusukulu ndinalemba ndondomeko yonse pa katoni n'kukhoma pachipata cha mpanda, ndipo mng'ono wanga anawonjezerapo ndi makala mzere wake pansi: "Achimwene akabwera, kutunga ndowa 8 ndi kwawo."